Chaka Chimene Ndidakana Kusayina

Anzanga a kutchalitchi amachitchula kuti chaka cha gasi, chifukwa ndi chaka chimene mtengo wa gasi ndi magetsi udapenga muno mu Glasgow. M'nyumba mwathu timachitchula kuti chaka cha fomu. Njala ndidaidziwa ndili mtsikana ku Ntcheu, ndipo ndinkaganiza kuti ndidatsazikana nayo tsiku limene ndidakwera ndege. Sindinkadziwa kuti munthu angagone ndi njala m'nyumba ya kapeti, shopu yodzaza ndi zakudya ili tsidya la msewu.

Tilipo atatu. Ine ndimasamalira okalamba pa nyumba ina ku Shawlands. Amuna anga, bambo a Tadala, adali msilikali wa dziko lino. Adalowa ali mnyamata wochokera ku Zomba, nthawi imene ankalemba anyamata a kwathu, ndipo adatumizidwa kawiri ku Afghanistan. Adabwerako khutu lakumanzere litafa, msana ukuvuta, pakamwa patatsekeka. Za kumeneko sankanena, ngakhale kwa ine. Ndalama zimene adatuluka nazo ku usilikali zidathera pa mapepala anga okhalira muno. Wachitatu ndi Tadala, mwana wathu yekhayo, mtsikana wobadwira konkuno. Chaka chimenecho adali ndi zaka 17.

Novembala

Kamunda kobwereka ku khonsolo tidakalandira titadikira zaka zinayi pa mndandanda. Kali m'mbali mwa ngalande, ku Maryhill komwe timakhala, pakati pa timinda ta anthu ena. Masitepe khumi ndi awiri m'litali, asanu ndi limodzi m'lifupi. Kumudzi akadatiseka. Kiyi wa pageti adatipatsa nthawi imene ena onse ankatsuka makasu kuti akasunge, mvula ikugwa chammbali, mdima ukuyamba folo koloko.

Munthu yekhayo amene tidamupeza akulima adali mdala wa kamunda koyandikana ndi kathu, wa ndevu zoyera, wovala majekete awiri. Dzina lawo adati ndi a Karim. Chingerezi chawo chidali cha mawu owerengeka, zotsalazo ankamalizira ndi manja. Adatola dothi lathu, kulinunkhiza, n'kupukusa mutu. Kenako adalowa m'kashedi kawo n'kutuluka ndi mitu isanu ya adyo.

"Dzalani lero," adatero. "Adyo amafuna kuzizidwa. Akapanda kuzizidwa sabereka."

Adationetsa ndi chala kuya kwa phando. Nditawafunsa kwawo, adati ku Afghanistan, adabwera chaka chathachi, asilikali achilendo atanyamuka. Ndidayang'ana amuna anga. Adali atawerama, akukumba ngati sadamve, koma khutu limene lidaloza kwa ife lidali labwino lija.

Pobwerera kunyumba amuna anga adati, "Musadzawauze kuti ndidali kumeneko."

"Ndanena chiyani ine?"

"Ndikuti musadzawauze, mayi a Tadala."

Pa 5 Novembala anthu kuno amaphulitsa makombola a chikondwerero. Zaka zonse amuna anga ankapempha tchuthi tsiku limenelo, n'kukhala m'nyumba atatseka makatani. Chaka chimenecho bwana wawo adali watsopano, adakana. Ankayendetsa vani yoperekera katundu m'makomo. Cha m'ma faifi koloko ali ku Easterhouse, ana adaponya kombola pansi pa vani. Adaisiya pakati pa msewu, chitseko chili pululu, injini ikulira. Mayi wina adawapeza atagona chafufumimba kuseri kwa mabini a zinyalala, manja ali pamutu, ndipo ndiye adandiimbira foni. Katundu wina m'vanimo adali atasowa kale. Sabata isadathe, ntchito idatha.

Disembala ndi Januwale

Thandizo la boma limabwera, koma uyambe wadzaza mulu wa mapepala n'kudikira miyezi. Tidatsala ndi malipiro anga okha. Lendi ikachoka, zotsalazo tinkazigawa pakati pa mita ndi mphika. Mita yathu ndi yothira ndalama. Mapaundi khumi amene kale ankatifikitsa Lachisanu tsopano ankatha Lachiwiri. Botolo la mafuta ophikira ndinkalinyamula m'shopu, kuona mtengo, n'kulibweza. Ufa wa chimanga wa ku shopu ya zakudya za kwathu tidauleka kaye, tidalowa ku mpunga wosweka ndi pasita.

Ndidaika malamulo. Hita ola limodzi m'mawa, ola limodzi madzulo. Kuphika kamodzi pa tsiku. Madzi otsala m'ketulo alowe m'fulasiki. Tadala ankawerengera ku laibulale mpaka atseke, chifukwa kumeneko kudali kofunda. Ine ndinkatola zotsala za okalamba kuntchito, ndikafika kunyumba n'kunena kuti ndakhuta. Chisanu chinkagwira mkati mwa mawindo, khoma la kuchipinda lidada ndi chuku.

Mphekesera zidali zambiri. Ena ankati magetsi ayamba kuzima mosinthana madera ngati kwathu, ndipo ife Amalawi tidaseka koyamba mwezi umenewo. Ena ankati boma ligawa ndalama Khirisimasi isadafike. Onse ankagwirizana pa chimodzi: zinthu zakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, komwe asilikali a dziko lina adalowa n'kukhazikika m'minda ya tirigu ya eni ake. Apongozi anga adaimba kuchokera ku Zomba kuti feteleza sakugulika, akuti chifukwa cha nkhondo yomweyo. Tidatumiza theka la zimene tinkatumiza zaka zonse, ndipo ndidamva manyazi m'mawu a mwana wawo pofotokoza.

Aliyense adasankha njira yake. Banja lina la kutchalitchi lidabweza nyumba n'kukapanikizana kwa achibale. Mnzanga wina ankagwira mashifiti otsatizana osapuma mpaka adakomoka m'basi. Agogo achizungu a m'nyumba ya pansi pathu adapereka galu wawo kwa anthu ena. Ine ndidapita ku fudubanki, kumene amagawa chakudya cha m'zitini. Ndidavala mpango wobisa nkhope, koma pamzere ndidapeza akazi a mkulu wa mpingo wathu, atanyamula jumbo ngati yanga.

"Muli bwanji, mayi?"

"Tili bwino, kaya inu?"

"Tili bwino."

Tidathera pomwepo, ndipo mpaka lero nkhaniyo sitidaikambe.

Amuna anga ankakhala pa mpando atavala jekete, akuyang'ana khoma. Basi sankakwera, m'shopu sankalowa. Kumene ankapita n'kumunda kokha, kukayang'ana dothi louma gwa ndi chisanu. Tsiku lina kuntchito ndidamva pa TV akukamba za ndalama zimene zidathera ku Afghanistan zaka zonse zija, ndalama zoti pakamwa panga sipangazitchule. Ndidali ndikudyetsa phala gogo wina. Ndidaganiza kuti: asilikali achilendo adakhalako zaka makumi awiri, adanyamuka pa ndege, kwa iwo nkhani idatha. Nanga ine ndikulipirabe chiyani pa mita? Kuyambira tsiku limenelo ndidasiya kudzimvera chisoni. Ndidakwiya, ndipo mkwiyowo ndi umene unkandidzutsa m'mawa.

Kumapeto kwa Januwale adyo adatulutsa timitu tobiriwira.

Febuluwale

Fomu idabwera Lachitatu, tikudya mpunga ndi nyemba za m'chitini. Tadala adaiyala patebulo, pakati pa mbale. Iye Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chothamanga.

"Ndikufuna kulowa usilikali," adatero. "Mnzanga Kirsty walowa kale, makolo ake asayina. Amaphunzitsa kukonza mainjini, ndipo amakulipira uli pa maphunziro. Chakudya ndi malo ogona ndi zaulere. Poti sindinakwane 18, pakufunika kuti nonse awiri musayine."

Bambo ake adaika supuni pansi, adadzuka, adalowa ku bafa. Tidamva madzi akutuluka pa mpopi.

"Ayi," ndidatero.

"Simunawerenge n'komwe, Mami."

"Kuwerenga kwa chiyani? Ndati ayi."

"Mukuganiza kuti sindikuona? Mumanama kuti mwakhuta. Siketi yanu mukuimanga ndi pini. Ndikapita, wodya mmodzi achepa, ndipo ndizitumiza ndalama mwezi uliwonse. Kapena mukufuna tizidya za ku fudubanki moyo wonse?"

"Tidya za ku fudubanki."

"Adadi adapita. Mendulo yawo ili m'dilowa. Chalakwika n'chiyani ndikapita ine?"

"Ukawafunse."

"Sayankhula!" adakuwa. "M'nyumba muno palibe amene amayankhula! Chabwino. Mu Sepitembala ndikwanitsa 18, ndidzasayina ndekha."

"Udikire Sepitembala."

Kunena zoona, dzanja langa lidayabwa kufuna kusayina. Mita inkalira kuti ndalama zatha, ndipo mwanayo sankanama. Ndinkati ndikatseka maso n'kuona nyumba yofunda, mafuta ali m'botolo, apongozi atalandira feteleza wokwanira. Fomu ija idakhala pamwamba pa filiji masabata awiri, cholembera chili pambali pake, ndipo tsiku lililonse ndinkaidutsa ndisadadye.

Kenako adaimba foni bambo wina wa ku ofesi yolembera asilikali. Adali waulemu kwambiri. Adati Tadala ndi mtsikana wanzeru, adati amamvetsa kuti makolo amada nkhawa, adati wamva kuti bambo ake adatumikira, ndiye banja lathu likudziwa kale ubwino wake.

"Tikudziwadi," ndidatero. "Mudatenga kale munthu mmodzi m'nyumba muno. Adapita ndi makutu awiri, wamacheza, woimba kwaya. Amene mudandibwezera ali apa, akuopa kukwera basi. Mubweze kaye woyambayo, ndiye tikambirane za wachiwiri."

Adati pepani, pali mabungwe othandiza. Ndidati manambala awo ndili nawo onse, ndidadula foni. Nditatembenuka ndidapeza amuna anga ataima pakhomo la kukhitchini. Adatenga fomu ija pa filiji, adaipinda kanayi, adaiika m'thumba la jekete lawo.

Tadala sadandiyankhule mpaka Isitala.

Malichi ndi Epulo

Mbewu ya mbatatesi tidagula yotsalira, yotsika mtengo, tidaiyala pawindo m'matileyi a mazira kuti iphuke. Tidadzala kumapeto kwa Malichi, mizere isanu ndi umodzi, pamodzi ndi anyezi ndi lepu. Maungu ndi nyemba ndidafesa m'timakapu kunyumba. A Karim ankatithandiza ngati ana awo: kutibwereka wilibala, kutilozera kumene amataya manyowa a mahatchi. Amuna anga adawakonzera denga la kashedi limene linkadontha. Awiriwo ankagwira ntchito limodzi osayankhulana zambiri, ndipo ndidayamba kuona mapewa a amuna anga akutsika.

Loweruka lina mu Epulo, amuna anga adagumula matabwa akale kuti apange khola la manyowa. Matabwawo adali mbwee pansi, misomali italoza kumwamba. A Karim ankabwera ndi ndowa ziwiri za madzi, maso ali kutsogolo, atavala nsapato zopyapyala. Phazi lawo lidatsala pang'ono kutera pa msomali pamene amuna anga adakuwa.

Sadakuwe m'Chingerezi kapena m'Chichewa. Adakuwa liwu limodzi m'chiyankhulo cha a Karim, ndi mawu amene ndidali ndisadawamvepo m'khosi mwawo, okhuthala, olamula. Pambuyo pake ndidamva kuti limatanthauza "Ima!"

Ndowa zidagwa. Mdala uja adaima chilili, manja ali m'mwamba, madzi akuyenda pa mapazi. Adakhala choncho kanthawi, pakati pa timinda ta ku Maryhill, mbalame zikulira. Kenako adatsitsa manja pang'onopang'ono, adayang'ana msomali, adayang'ana amuna anga.

"Msilikali," adatero. Silidali funso.

"Inde, bambo."

Adatola ndowa zawo, adakhoma kashedi, adapita.

Meyi

Meyi ndi mwezi wonyenga kuno. Dzuwa limachedwa kulowa, paliponse ndi pobiriwira, koma m'munda mulibe choti udye. Thandizo la boma lidali litayamba kufika, lochepa. Hita tidazimitsiratu, ndiye mphika udapumako.

A Karim adamanga chingwe pakati pa minda yathu. Wilibala ankaikhomera m'kashedi. Ndikawapatsa moni ankayang'ana kumbali. Sabata yachiwiri kudagwa chisanu chochedwa. M'mawa tidapeza mbatatesi zawo zitafunditsidwa makatani akale, zili bwinobwino, zathu masamba atada bii ngati wina wazithira madzi otentha. Iwo adadziwa kuti chikubwera, sadatiuze.

Ndidalusa. "Munthu mwamupulumutsa ku msomali! Akufuna mwana wathu adye chiyani?"

"Asiyeni," adatero amuna anga. "Simukudziwa."

"Ndidziwa bwanji poti inu simunena?"

Adatenga khasu, adayamba kukwezera mizere. Mbatatesi zidaphukanso, mochedwa.

Juni

Mvula idasowa masabata angapo, chinthu chachilendo kuno, ndiye ndidakakamiza Tadala kuti azitithandiza kutunga madzi pa mpopi wa pageti. Adalipo tsiku limene a Karim adadumpha chingwe chawo chomwe. Adabwera ndi mwana wawo wamwamuna, Farid, amene amatsuka magalimoto m'tawuni. Kwawo adali womasulira wa asilikali achilendo, ndipo ndiye adakweza bambo ake ndege.

"Bambo anga ali ndi mafunso," adatero Farid. "Akuti ngati simukufuna, musayankhe."

Amuna anga adayang'ana Tadala. Ndidaganiza kuti amuuza achoke. M'malo mwake adavundikira ndowa, adakhalapo, adaloza khutu labwino kwa mdalayo.

A Karim adafunsa dera, adafunsa chaka. Sikudali kwawo, kudali ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kumudzi kwawo. Kenako adafunsa ntchito.

"Ndinkayendetsa buludoza," adatero amuna anga. "Kudali msewu umene magalimoto athu ankadutsa, ndipo anthu ankabisala m'minda n'kutchera mabomba. Ndiye tidalamulidwa kuyeretsa mbali zonse ziwiri. Makoma, mitengo ya mabulosi, mphesa, chimanga. Chimanga, mayi a Tadala, chonga cha kwathu, chitamasula kale. Ndidachigwetsa ine, mwana wa mlimi. Mwini munda wina adadzaima kutsogolo kwa buludoza, wamsinkhu wa bambo anga. Ndidamukuwira liwu lomwe lija. Anzanga adamukoka, ine ndidapitiriza. Abwana adamupatsa kapepala koti akatengere chipukuta misozi ku kampu. Adakayang'ana kapepalako, adandiyang'ana ine, adafunsa kanthu. Womasulira adati akufunsa ngati kwathu kulibe minda. Patatha masabata atatu bomba lidaphulika pa msewu womwewo, woyeretsedwawo. Mnzanga amene adakhala kumanzere kwanga adafa. Khutu lidapita pamenepo."

Farid ankamasulira ndi mawu otsika. Tadala adali chiimire, ndowa ikudontha m'manja.

A Karim adayankhula nthawi yaitali. Atamaliza, Farid adati, "Akuti kapepala ngati kameneko nawonso adalandira. Mitengo yawo imene idagwetsedwa idadzalidwa ndi agogo anga. Bambo adapita ku kampu kanayi, ulendo wachinayi adapatsidwa ndalama zogulira nkhosa ziwiri. Akuti mkulu wanga ankachokera ku msika pa njinga yamoto, mphepo ili m'makutu. Asilikali adakuwa liwu limene mudakuwa lija. Iye sadamve, adamuwombera." Kenako Farid adawonjezera kuti, "Izi sananene, koma ndinena ine: tsiku limenelo ndidali ku kampu ina, ndikumasulira."

"Pepani," adatero amuna anga. "Ndikupempha kuti..."

Mdalayo adakweza dzanja, adayankhulanso.

"Akuti musapemphe kwa iwo. Munda umene mudagumula sudali wawo, sangakhululuke m'malo mwa mwini wake. Akuti angofuna kudziwa chimodzi: inuyo adakulipirani zokwanira?"

Amuna anga adaloza nsapato zawo zong'ambika. A Karim adaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako adayang'ana Tadala, adafunsa ngati ndi mwana yekhayo. Titavomera adagwedeza mutu, adabwerera tsidya la chingwe.

Zaka zonse ndidagona pambali pa munthu ameneyu, ndipo nkhaniyi ndidaimva tsiku limodzi ndi mlendo. Zidandiwawa, koma sindidanene. Popita kunyumba Tadala adayenda kumanja kwa bambo ake, atawanyamulira khasu.

Julayi ndi Ogasiti

"Zulani adyo," adandiuza a Karim tsiku lina, osandiyang'ana. "Masamba a pansi auma." Kuyambira pamenepo ankatiuza za nyengo, mawu awiri atatu. Chingwe sadachotse, chanza sadawapatse amuna anga, ndipo amuna anga sadachifune.

Tidakolola. Adyo tidamanga mitolo n'kupachika kukhitchini. Lepu tinkathyola lero, mawa waphukanso. Nkhwani adayanga mpaka m'njira, ndidagawirako amayi a kutchalitchi, ngakhale maungu enieni adabereka awiri okha. Nyemba theka zidadyedwa ndi nkhono. Koma mbatatesi, zopsa ndi chisanu zija, zidatidabwitsa. Phando lililonse linkatulutsa zisanu ndi zitatu, khumi. Tidadzaza matumba anayi, tidawakoka pa ngolo ya mwana imene adatibwereka neba, tidawalowetsa pansi pa bedi ndi kuseri kwa sofa.

Amuna anga adayamba kukumana ndi dokotala wa maganizo, ndipo adapeza ganyu wa masiku atatu pa sabata wotchetcha udzu kumanda, koyenda wapansi. Ankati ndi malo abata. Ku fudubanki ndidasiya kupita.

Koma m'mawa uliwonse Tadala ankavala nsapato zothamangira n'kutsikira ku ngalande. Ankathamanga ndi wotchi, kukonzekera mayeso a asilikali. Ndinkamuona pawindo. Kirsty ankamutumizira zithunzi atavala yunifomu. Mphekesera zinkati nyengo yozizira ikubwerayi zinthu zikweranso. Ndinkayang'ana kalendala n'kudziwa kuti "ayi" wanga watsala ndi masabata owerengeka.

Sepitembala

Tsiku lake lobadwa lidadutsa, tidadya nkhuku. Lolemba lotsatira adavala bulauzi yoyera n'kunena kuti akupita ku ofesi ija, m'tawuni.

"Ndikuperekeza," adatero bambo ake.

"Pa basi, Dadi?"

"Pa basi."

Ndidaimba kuntchito kuti ndichedwa. Amuna anga adakhala pafupi ndi chitseko, thukuta likuyenderera, atagwira chitsulo ndi manja awiri. Pa siteji iliyonse ndinkaganiza kuti atsika. Sadatsike.

Mu ofesimo mudali zithunzi za achinyamata akukwera mapiri, akumwetulira. Amene adatilandira adali mnyamata wa yunifomu, wa nkhope yabwino, osati amene adandiimbira foni. Adapereka mpando kwa Tadala. Amuna anga adatchula kumene adatumikira, ndipo mnyamatayo adaimirira n'kuwagwira chanza.

"Mwana wanga ndi wamkulu, asankha yekha," adatero amuna anga. "Ine ndili ndi funso, koma mumuyankhe iyeyo. Akuti akufuna kukonza mainjini. Injini akaikonza, ikatumizidwa ku dziko la eni, iye n'kuuzidwa kuti apite nayo, angakane?"

"Amapita kumene gulu lake latumizidwa, bwana."

"Akafika, n'kuuzidwa kuti munda uwu uchoke, mwini wake ataima pomwepo?"

Mnyamatayo adayamba kufotokoza za malamulo a nkhondo, kuti msilikali saumirizidwa kutsata lamulo loipa.

"Langa lidali lamulo lololedwa," adatero amuna anga. "Lidasayinidwa, lidali ndi kapepala ka chipukuta misozi. Angakane?"

Mnyamatayo ndimamulemekeza mpaka lero, chifukwa akadatha kuzemba. Adayang'ana Tadala n'kunena kuti, "Ayi. Sungakane."

Fomu yatsopano idali patebulo, cholembera chili pamwamba. Ine ndidakhalira manja anga. Tadala adatenga cholembera, adachitembenuza m'zala, adawerenga tsamba loyamba mpaka pansi. Kenako adachiika pansi, adati zikomo, adatuluka.

Tidamupeza pa siteji ya basi, misozi ili mbwembwembwe, atakwiya ngati tamubera.

"Mwasangalala?" adatero. "Chabwino, sindipita. Koma ndilibe ntchito, ku koleji ndachedwa, zinthu zikukweranso. Ndiye mundiuze, Januwale akubwerayu tidya chiyani?"

"Mbatatesi," ndidatero.

"Mami!"

"Mbatatesi. Zowiritsa, zophwanya, zokazinga mafuta akapezeka. M'mawa, masana ndi madzulo. Koma tizidya atatu, patebulo limodzi."

Bambo ake adayamba kuseka, pakati pa tawuni, anthu akucheuka. Tadala adawakankha paphewa kuti asiye, koma sadasiye mpaka basi idafika.

Nyengo yozizira idabweradi, ndipo sidali yabwino kuposa inzake. Tadala adatsuka mbale pa kafe ina mpaka adapeza malo ophunzira umakaniko pa galaja ya mabasi. Ife tidadya mbatatesi mpaka Malichi, zidatikola. Iye mpaka lero sazifuna m'mbale mwake. Akazikankhira pambali ndimangomuyang'ana, nditakhala tsidya la tebulo, n'kutambasula dzanja kuzidya ine.